Fita Imene Inkafupika Usiku

Zala za Valdemar zinazindikira maso asanaone kanthu: fita ya katemera inali itafupika.

Kwa zaka zambiri mkuluyu ankasunga mafita a sinema m'kachipinda kogundana ndi nyumba yake ku Fíngoè. A bungwe lina ndiwo anamusiyira mafitawo atatseka ntchito zawo. Anthu tsopano amaonera pa foni, komabe akatekista a ku Chipera ndi ku Malowera ankabwera pa mota, njinga yamoto, kudzabwereka fita pamodzi ndi makina ake oonetsera. Lata yosungiramo fita ikabwerera, iye ankaitsegula, kununkhiza ngati m'kati mwayamba fungo lowawasa la vinagiri, kenaka n'kupukusa fitayo pang'onopang'ono ikudutsa m'kansalu pakati pa zala, kufufuza timabowo tong'ambika m'mphepete. Msana unali utatha, maso akuchita nkhungu, ndipo chimwalirire mwana wake Dércio, ntchitoyo ankangoigwira poti manja anaizolowera.

Tsikulo zala zinagunda mfundo yachilendo. Wina anali atadula fita n'kuilumikiza mokhota, kola womatira atamupaka ngati phala. Valdemar anafunsa Luciano, katekista amene anaibweza.

"Ine ayi, madala," Luciano anayankha motsitsa mawu. "Koma ku Chipera akuti fita imeneyi ili ndi mwini wake. Tikazimitsa jerador wa magetsi, agalu amauwa khoma lopanda kanthu."

Valdemar anangopukusa mutu, n'kukonza mfundoyo, n'kukhoma chitseko. M'mawa anapeza mfundo ina, loko ali chikhomere.

Usiku wotsatira tulo sitinabwere. Mdima unali wandiweyani, ngakhale nkhululu zinali zii. Kuseri kwa khoma kunamveka chopukusira fita chikulira, kwii, kwii, n'kuleka. Kenaka lumo, khethe. Anafuna kuitana mkazi wake Glória, amene chichitikire maliro ankagona chipinda china, koma anangokhala tcheru mpaka kucha.

Kutacha anaunika fitayo padzuwa, chithunzi chimodzichimodzi, mpaka anadziwa chimene chinkasowa. Kanali kamnyamata kothamanga pambuyo pa galimoto ya katemera, kakuseka, dzanja lili pa kabudula wofuna kugwa. Anali Dércio ali wamng'ono, chaka chimene ojambula anabwera nkhondo itangotha. Dércio yemweyo amene dzenje la golide linamugumukira dzinja lapitalo, mtembo osatuluka.

Madzulo ake anakhala m'kachipindamo pakona, nyali atazimitsa. Patapita nthawi kiyi inalira, ndipo analowa Glória, nyali kumanja, lumo kumanzere.

"Amake Dércio, kani ndinu?"

Mayiyo sanadzidzimuke n'komwe. "Ndine."

"Chatitsalira n'chokhachi. Mukuchiwonongeranji?"

"Mwana watopa, bambo ake," ananong'ona Glória. "Inu mumamutumiza mudzi ndi mudzi kuti akathamange pakhoma anthu aseke. Pansi paja sanagone bwino, kunonso simumugoneka. Ndikumukwirira pang'onopang'ono kuseri kwa khola."

"N'chithunzi chabe, mayi."

"Khalani chete mumve."

Valdemar anatchera khutu. Poyamba sanamve kanthu koma mafuta akutha m'nyali. Kenaka, cha kuseri kwa nkhokwe, kunamveka timapazi topanda nsapato, pha pha pha, tikuzungulira nyumba. Mapaziwo anali a mwana, koma wefuwefu wake anali wa munthu wamkulu, wolemera, ngati wa munthu amene chifuwa chadzaza dothi. Tinadutsa pawindo, tinapita, tinabweranso.

"Chiyambire liti?" anafunsa mkuluyo.

"Chibwerereni ku dzenje kuja opanda kanthu. Inu mumagona. Ine ndimamumva."

Valdemar anakhala nthawi yaitali akuyang'ana fitayo. Pamene panali Dércio panatsala kachidutswa kosakwana mkono. Anaikoka, anaiwongola pathebulo, n'kuloza ndi chikhadabo.

"Dulani apa, pamzere. Musamudule mwendo."

Lumo linalira kawiri. Glória anakulunga kachidutswako m'nsonga ya nsalu yake.

Panja mapazi aja anachepetsa liwiro, anayamba kuyenda, anafika pakhomo n'kuima. Chinthu cholemera chinatsamira chitseko, matabwa analira, chinatsetsereka mpaka pansi. Panamveka mpweya wautali umodzi.

Palibe anatsegula. Anakhala awiriwo pabenchi, mapewa atagundana, mpaka nyali inazima yokha.