Nsapato Zofiira za Pakhomo la 14

Hotelo ya pamtunda itasanduka nyumba yoonetseramo zakale, mwa antchito onse munatsala awiri okha: Radovan, wopukuta nsapato za alendo amene tsopano anali mlonda, ndi mkazi wake Nevenka, amene anayala mabedi m'menemo zaka makumi atatu. Masitepe a mwala woyera anali a alendo. Awiriwa ankadzerabe awo opapatiza, obisika kuseri kwa khoma.

Chimene Nevenka anayamba kuona ndi polishi wofiira m'zikhadabo za mwamuna wake.

"Nsapato zofiirazo n'za yani, bambo inu? Ine ndimavala zakuda."

"Ndimazipeza pakhomo la 14," anatero Radovan chapansipansi. "Mlendo akatulutsa nsapato usiku, ndiye kuti zipukutidwe. Ndizisiye?"

"Mlendo wake uti? Pamenepo anatchingapo chingwe! Chithereni nkhondo simunagonemo munthu."

"Ndiye kamufunseni nokha."

M'tauni ankanong'onezana kuti mwini nsapatozo ndi mtsikana wogulitsa matikiti olowera m'nyumbayo. Ena ankati ayi, ndi mkazi wa msilikali wina, amene anadikira mwamuna wake m'chipindamo mpaka kufa. Kwa Nevenka zonse zinali chimodzimodzi: chikwatiraneni, Radovan anali asanakhudzepo nsapato za mkazi wakeyo. Tsono mwamunayo ankangowonda, koma m'mawa uliwonse ankabwera akumwetulira yekha, khofi wake n'kuzizira patebulo.

Usiku wachinayi Nevenka anakwera masitepe a antchito wopanda nyali. Matabwa ankalira mmodzimmodzi. M'khonde lalitali la zipinda za alendo, timagalasi ta nyali zolendewera tinkagundana pang'onopang'ono ngati mano a munthu wozizidwa. Nsapatozo zinalipo, zazing'ono, zonyezimira. Anapisamo zala. Munali mofunda.

Anadumpha chingwe atatsimikiza kukankha chitseko ndi kumukoka tsitsi aliyense ali m'katimo. Koma dzanja lozolowera ntchito silinamumvere. Linagogoda katatu mwaulemu, pakamwa n'kutuluka pokha: "Odi, wokonza m'chipinda."

"Osati panopa," anayankha mawu a mkazi, ofatsa, pafupi kwambiri ndi chitseko. "Tili ndi mlendo. Ubwere m'mawa."

"Pepani, mayi," anatero Nevenka, n'kubwerera chafutambuyo.

Anazindikira chimene wachita ali kale pansi pa masitepe.

Kutacha, oyang'anira nyumbayo anatsegula chipindacho. Bedi linali loyalidwa bwinobwino, fumbi losapondedwa. Radovan sanapezeke paliponse. Koma pakhomo, pambali pa nsapato zofiira, panali majombo ake, oikidwa mwadongosolo monga amaikira alendo.

Nevenka anagwada, n'kuwapukuta ndi epuloni yake mpaka anawala. Zofiirazo anazikankhira uko ndi phazi.