Chikhomo cha Pamtengo wa Betty

Pempho ndiye anayamba kuona. M'mawa wina akuyanika nsalu kuseri kwa nyumba, anapeza zikhomo zonse za anthu oyeza malo zitazulidwa m'dambo muja, zitamangidwa mtolo ngati nkhuni, mtolowo utatsamira pampanda. Dzulo lake zinali zitaima m'mizere, tinsalu tofiira tikupepeluka pamitu pake.

Dambolo linali kumalire a kamudzi kena kunja kwa mzinda wa Leicester ku England, malo obiriwira amene kale ankati sadzamangidwapo kanthu. Tsopano kampani ina inkafuna kumangapo nyumba, ndipo eni mudzi anakwiya. Pageti lililonse panali chikwangwani chokana nyumbazo. Pempho ankagwira ntchito yogonera komweko, yosamalira bambo Leonard, nkhalamba yamasiye yoyenda ndi chitsulo chogwiririra. M'mudzi monsemo, munthu amene ankamufunsa kuti wadzuka bwanji n'kudikira yankho anali nkhalambayo basi. Madzulo akasungulumwa, Pempho ankapita pakamtengo kaminga pakati pa dambolo, kukakhala pansi n'kumaimba foni kudziko lakwawo, chifukwa netiweki inkagwira bwino pamenepo.

Oyeza malo anabweranso n'kukhoma zikhomo zina. Kutacha, mtolo wina unalinso pampanda.

Kusitolo anthu ankanong'ona. Ena ankati ndi achinyamata, ena ankati ndi kampani yomweyo pofuna kunamizira otsutsa. Pempho akalowa, nkhani inkatha, aliyense n'kuyamba kuyang'ana mikate ngati sanaionepo chibadwire.

Usiku wotsatira tulo tinamuthawa. Nkhungu inali itaphimba mawindo, ndipo mdima wa kumeneko ndi wonyowa, wopanda nkhululu kapena galu wouwa. Kenaka anamva tcheni cha geti lakuseri chikulira pang'onopang'ono, ngati wina akuchinyengerera kuti chisalire. Kunatsatira kaphokoso ka chinthu chozulidwa m'dothi lonyowa, kakumveka kutali, kenaka pafupi, kenaka kutalinso. Pempho anadzifunditsa kumutu n'kupemphera mpaka mbandakucha. M'mawa akukonza kuchipinda kwa bambo Leonard, anapeza masilipasi awo ali ndi matope.

Anaimbira mnzake Anganile, amene ankakhala mumzinda wina kudera la Hyson Green, n'kumufotokozera za masilipasiwo.

"Iwe, lipota basi," anatero Anganile. "Akakagwa panja usiku, mlandu ndi wako. Ukaluza ntchito upita kuti?"

"Ndikauza mwana wawo Chris, awatengera kunyumba ya okalamba. Akungodikira chifukwa."

"Nanga ndi bambo ako amenewo?"

Pempho anadula foni. Ankadziwa kuti nkhalambayo ikachoka, iye atsala wopanda womupatsa moni.

Usiku umenewo tcheni chitalira, anavala chijasi n'kutuluka ndi tochi. Anawapeza bambo Leonard pakamtengo kaja atagwada m'mame, chitsulo chawo chili pambali, akulimbana ndi chikhomo chimene chinakhomedwa patsinde penipeni.

"Bambo Leonard, mukutani kuno?"

"Tsitsa mawu," ananong'ona. "Betty, mkazi wanga, ali pano. Phulusa la mtembo wake ndinalimwaza pamtengo uno, monga anapemphera yekha. A kampaniwa akufuna kumuthira simenti."

Pempho anabwerera m'mbuyo. Kwawo manda amadziwika, ali ndi nkhalango yake, ndipo munthu salowako chilowelowe. Iye anali atakhala pamwamba pa mayi wa eniake miyezi yonseyi, kuseka pafoni, kudya ndi mabisiketi omwe.

"Koma zikhomo zonsezi mumazula nokha, ndi miyendo imeneyi?"

Nkhalambayo inamuyang'ana modabwa. "Ine ndimazula chimodzi ichi. Zinazo ndimazipeza zitazulidwa kale. Changa amandisiyira."

Pempho anawalitsa tochi m'dambo monse. Munalibe chikhomo choima, munalibenso munthu. Nkhungu yokha inkayenda.

"Usamuuze Chris," anatero bambo Leonard atamugwira dzanja. "Chonde, mwana wanga."

Sanamuuze. Anayesa kubisa kiyi ya chitseko, koma nkhalambayo inalira ngati mwana, iye n'kubweza kiyiyo. Oyeza malo akakhoma masana, usiku Pempho ankawaveka bambo Leonard zofunda n'kuwaperekeza kumtengo kuja. Koma mame a ku England sachita chisoni ndi munthu. Chifuwa chinayamba, kenaka chibayo, ndipo ambulansi inawatenga akupuma mobanika. Chris anaimba foni, mawu ake aulemu koma ouma. Bambo ake sadzabwereranso kunyumbako, ndipo Pempho alongedze.

Mtima unamupweteka, chifukwa chinthu chimene ankachiopacho anachiitana yekha ndi kukhala chete kwake.

Usiku womaliza anakhala yekha m'nyumba yazii, masutikesi ali pakhomo. Masana ake oyeza malo anali atakhomanso. Anazimitsa magetsi n'kumvetsera. Tcheni chinalira. Kenaka kuzula kuja kunayamba, kosafulumira, mzere ndi mzere, mpaka kunasiya. Panapita nthawi, ndipo china chake chinatsamiritsidwa pachitseko cha kukhitchini, mofatsa.

Atatsegula anapeza mtolo wa zikhomo, dothi likadali lonyowa. Anawalitsa tochi kudambo. Pansi pa kamtengo kaja, kansalu kofiira kamodzi kanali chiimire.

Pempho anayenda m'mame mpaka pafupi ndi mtengowo. Anavula nsapato, anagwada, n'kuomba m'manja mwakachetechete monga ankachitira akulu kwawo.

"Mayi Betty, ndine Pempho. Mundikhululukire, sindinkadziwa. Abambo sabweranso. Ndabwera ine."

Anagwira chikhomocho ndi manja awiri, poti bambo Leonard ankalimbana nacho mpaka thukuta. Asanakoke n'komwe, chinakwera chokha m'manja mwake, ngati wina wachikankha kuchokera pansi.