Kapu ya Ufulu Yapeza Anzake

Ufulu anali mtsikana wa Sitandade 3. Ankakhala ku Nazombe ndi amayi ake ndi kamchimwene kake, Julius. Kwawo kunali kapu imodzi yokha. Inali yobiriwira, yapulasitiki.

Kale makapu analipo ambiri. Koma chaka china madzi anasefukira kuchokera kuphiri. Anakokolola mbale. Anakokolola mapoto. Anakokolola makapu. Mbale ndi poto amayi anapeza zina. Koma kapu inatsala yomweyo, imene anaitola m'matope.

M'mawa uliwonse ankamwa tiyi modikirana. Julius ankayamba. Ufulu ankatsatira. Amayi ankamwa pomaliza, tiyi atazizira kale.

Tsiku lina aphunzitsi a Sitima ankaphunzitsa Chingerezi. Anati dzina la chinthu limasintha zinthu zikachuluka. Ananyamula buku limodzi. Kenako ananyamula mabuku awiri.

"One book. Two books," anatero aphunzitsi.

Ana onse anabwereza mokweza.

Kenako aphunzitsi anagawa ntchito. Anati mawa aliyense abwere ndi zinthu zakunyumba, ziwiri kapena zitatu zofanana. Adzaime kutsogolo, adzazitchule m'Chingerezi. Aphunzitsi anauza Promise, mnzake wa Ufulu, kuti abwere ndi masupuni. Anauza Ufulu kuti abwere ndi makapu.

Iii, makapu! Mutu wa Ufulu unaima. Akaima kutsogolo ndi kapu imodzi, anzake adzati chiyani? Onse adzadziwa za kwawo. Ufulu anachita manyazi kwambiri.

Atafika kunyumba, amayi kunalibe. Anali kumunda kothyola nandolo. Ufulu anauza Julius za makapu aja. Julius anathamanga n'kumubweretsera chitini cha mafuta. Koma inu, chitini n'kapu? Ufulu anaseka pang'ono. Kenako anaganiza zokabwereka.

Anayamba kwa amake Promise.

"Odi kuno!"

"Odini, mwana wa a Margret. Kwagwanji?"

Ufulu anagwada. Anapempha kapu imodzi, yoti abweze mawa. Amake Promise anadabwa. Anafunsa kuti kwawo makapu apita kuti.

Ufulu anayang'ana pansi. Amayi ake ankanena kuti zam'nyumba saulutsa. Koma kunama ankakuopa. Choncho ananena zonse, za madzi aja ndi za tiyi wozizira.

Amake Promise anagwira pakamwa. Analowa m'nyumba. Anatuluka ndi kapu yofiira.

Ufulu anapitanso kwa a Dyson, okonza njinga.

"Odi kuno!"

"Odini, odini. Tayala laphwa?"

Ufulu anati si tayala, koma kapu. Anafotokoza za kusukulu. A Dyson anaseka mpaka sipanala inagwa pansi.

"Kani masiku ano makapu nawonso amalembetsa sukulu?" anatero.

Anamupatsa kapu yachitsulo, yopindika pakamwa. Ufulu anaomba m'manja. Anaika makapu onse awiri m'chikwama chake. Amayi sanawauze kanthu.

M'mawa anadikira kuti amayi amalize tiyi. Anatsuka kapu yobiriwira ija. Anapempha kupita nayo kusukulu. Amayi analola.

M'kalasi, Promise anaonetsa masupuni ake. Kenako aphunzitsi anaitana Ufulu. Ufulu anaima kutsogolo. Anakweza kapu yobiriwira.

"One cup."

Anaika yofiira pambali pake.

"Two cups."

Anaikanso yachitsulo.

"Three cups!"

Aphunzitsi anati wakhoza. Ana onse anamuombera m'manja. Palibe anaseka. Ufulu anabwerera pamalo pake akumwetulira.

Ataweruka, anatsuka makapu aja pamjigo. Chobwereka amabweza. Anayamba kwa a Dyson. Koma a Dyson anabisa manja kumbuyo.

"Kapu yophunzira Chingerezi ine sindingaithe," anatero. "Izikhala kwanu."

Amake Promise nawonso anakana kulandira. Anamanga chitenje. Anati amuperekeza Ufulu kwawo. Apa Ufulu anachita mantha. Amayi akadziwa kuti anaulula, sakalipa?

Anapeza amayi pakhonde akusenda nandolo. Amayi anaona makapu. Anaona amake Promise. Anamvetsa zonse. Anaweramitsa mutu ndi manyazi.

"Amayi, pepani," anatero Ufulu. "Ndinawauza ndine."

Amake Promise anakhala pamphasa.

"A Margret, munabisiranji?" anafunsa. "Mbewu ya nandolo munandipatsa ija, ndinakubwezerani? Kupatsa n'kuika. Landirani."

 Amayi anapukuta maso ndi chitenje. Anaomba m'manja pang'onopang'ono. Anathokoza, anathokozanso. Anati mawa apita okha kukathokoza a Dyson. Ufulu sanamukalipire. Anangomusisita pamutu.

M'mawa mwake amayi anaphika tiyi. Ufulu anandandika makapu pamphasa. Julius anawerenga ndi chala chake.

"One cup. Two cups. Three cups!"

Julius anasankha yofiira. Ufulu anatenga yachitsulo. Yobiriwira ija anaipereka kwa amayi ndi manja awiri.

Tsiku limenelo panalibe wodikira mnzake. Amayi anapsontha kamodzi.

"Aa, ukuotcha!" anatero, uku akuseka.

Anauuzira pang'ono. Ndipo onse atatu anamwera limodzi.