Tambala Wotsala Pakhomo la Labu

Fainess anali m'chigafa akusoka fodya, zala zili bii ndi utomoni, pamene mwana wake Pempho anatulukira akuthamanga.

"Amayi, a Fomu 3 tikupita ku yunivesite ku Lilongwe! Tikaona labu komwe amayeza tizilombo toyambitsa matenda. Pakufunika kholo lotiperekeza atsikanafe, ndiye aphunzitsi asankha inuyo."

"Ine? Nanga fodyayu adzisoka yekha?"

Anayankha mokalipa, koma singano inali itaima kale. Labu ya ku Lilongwe! Si komwe amagwira ntchito a Misheck?

A Misheck anakumana nawo pamjigo chaka cha kolera, atabwera ku Lisasadzi kudzatunga madzi m'timabotolo kuti akawayeze. Fainess, mayi wamasiye wa ana awiri, ndiye anawapopera mjigo.

"Madziwa tikayeza ku labu," anatero iwo, "koma inu mayi simufunika makina. Ndaona kale kuti ndinu abwino."

"Tungani madzi muzipita, bambo. Ena tili ndi ntchito."

Koma nambala anawapatsa. Kuyambira pamenepo foni yake sinapumenso.

"Fainess wanga, ndadzuka ndi dzina lako pakamwa."

"Duwa langa la ku Lisasadzi, manja akowo adzapuma ukadzalowa m'nyumba mwanga."

Pa Khirisimasi anabwera okha, nakhala pakhonde, nalonjeza ana akumva: "Msika wa fodya ukangotsegulidwa, ndikutumiza ankhoswe. Ukawauze amalume ako akonzeke."

Fainess anakawauzadi amalume ake. Amayi anzake a Chigwirizano ku tchalitchi anali atayamba kale kumutcha mkwatibwi.

Za ulendowu sanawauze a Misheck. Ankafuna angomuona balamanthu pakhomo. Nanga mkazi angapite kwa mwamuna womufunsira ali chimanjamanja? Anapha tambala yekhayo amene anali naye, namukazinga bwinobwino, namuika m'bakuli, nakulunga ndi chitenje chatsopano.

Ku yunivesite ana anavekedwa makhoti oyera, ali m'chiphokoso ngati anapiye. Pakhomo la labu panaima mayi wamagalasi, wansangala, pathupi pake pooneka.

"Takulandirani. Ine ndine Dorika, ndikuonetsani zonse. Koma mayi, pepani, chakudya sichilowa muno. Muli tizilombo toopsa. Bakuliyo musiye pano."

"Si yanga," anatero Fainess mwamanyazi. "Ndi ya a Misheck, aja ankayeza madzi kwathu."

"Ya a Misheck? Aaa, ndiye yafika! Ndine mkazi wawo." Anavundukula pang'ono nanunkhiza. "Nkhuku yachikuda! Mayi, Mulungu akudalitseni. Ndi pathupipa ndakhala ndikuilakalaka, koma abambowa kungolonjeza basi."

Mkazi wawo? Nanga paja a Misheck ankati mkazi wawo anamwalira?

Nthawi yomweyo a Misheck anatulukira atanyamula thireyi ya timbale tagalasi. Atamuona Fainess, timbale tija tinalira ngwerengwere.

"Bambo a Tithokoze, taonani!" anatero Dorika. "Mwaona? Anthu a ku Lisasadzi sanakuiwaleni. Mukuwakumbuka mayiwa?"

"Eya... mayi aja a pamjigo. Muli bwanji, mayi?"

Mayi aja a pamjigo! Duwa lija lathera pomwepo?

"Tili bwino, kaya inu, bambo," anayankha Fainess akupinda maondo, monga amachitira ndi mlendo aliyense.

Akanatha kukuwa. Akanatha kutulutsa foni n'kuwerenga mauthenga onse, labu yonse imve. Koma ana a eni anali pamzere, maso ali pa iye, ndipo mayi wapathupi uja anali atakumbatira bakuli ngati mphatso ya ukwati. Anangolowa.

M'katimo Dorika anafotokoza momwe asilikali a m'magazi amalimbanirana ndi matenda. Pempho anafunsa mafunso mpaka anzake kumukoka khoti. Kenako Dorika anaitana Fainess kuti naye asuzumire m'makina oonera tizilombo.

"Mwationa timizere tikuyendayendato, mayi?"

"Ndationa," ananama. Diso linali litadzaza misozi, ankangoona chifunga.

Basi isanadutse n'komwe pa Mponela, foni inanjenjemera.

"Fainess wanga, mtima wanga, usapse mtima. Banja lija linatha kale, tikungokhala. Ndiwe wekha. Ndipatse mpata ndikufotokozere."

Linatha kale? Nanga mimba ija inabwera ndi mphepo? Anazimitsa foni naiponya pansi pa chikwama. Ana ankaimba njira yonse. Iye ankangoyang'ana minda ya fodya ikudutsa pawindo.

M'mawa mwake anapeza masamba amene anawasiya pamulu atatenthana, apansi atayamba kuda. Anakhala pansi n'kuyamba kusankha owola. Pempho anafika atavala yunifomu, naima pamzati.

"Amayi, pakhomo paja ndinamva zonse."

"Unamva, ndiye utani? Ukaweruka udutse kwa agogo ako, amalume anga aja. Ukawauze kuti alendo aja sabweranso."

"Akafunsa chifukwa?"

"Ukanene kuti ndati sabweranso. Zinazo ndikanena ndekha."

Pempho anazengereza, akukanda pansi ndi nsapato.

"A Dorika aja anati ndili ndi mutu. Akuti ndikakhoza bwino ndingadzagwire ntchito ngati yawo. Koma ngati zikupwetekani, Amayi, ndizisiya."



"Usiye chifukwa cha ndani? Mayi uja sanandilakwire. Ukawerenge, udzavale khoti loyeralo. Tiye, thamanga, belu likupeza panjira."

Mwana atapita, Fainess analira pang'ono, napukuta ndi m'mphepete mwa chitenje. Kenako anatola singano, nabaya tsamba loyamba. Mulu unali udakali kufika m'chiuno, ndipo kumpoto mvula inali itayamba kale kuda.