Amene Analowa ndi Dzina la Namaloko

Kuntchito ankamutchula Namaloko, chifukwa ndiye ankatsekula ndi kutseka zitseko za makompyuta a kampani. Aliyense wogwirira ntchito kunyumba ankalowa kudzera pa vipiyeni, kanjira kobisika kokufikitsa mu ofesi uli khale pampando wako. Pasiwedi yokha sinkakwanira. Foni inkafunanso chala cha mwini wake.

Madzulo amenewo inali nthawi yake yolondera ali kunyumba. Amuna ake anali ku ulendo. Ana anali atagona, mbale zili m'sinki. Iye anakhala patebulo lodyera, laputopu patsogolo, tiyi akuzizira.

Laputopu inalira kamodzi. Wina walowa pa vipiyeni.

Anayang'ana dzina. Linali lake.

Akuba a pa intaneti ankawadziwa bwino, amagogoda chitseko chilichonse mpaka atatopa. Koma uyu sanagogode. Pasiwedi analemba osaphonya, chala chinavomerezedwa. Namaloko anapisa dzanja m'thumba la siketi. Foni inali momwemo, yofunda ngati wina wangoisiya kumene. Anafufuza kumene munthuyo walowera. Inali rauta, kabokosi ka intaneti ka m'nyumba mwake.

Maganizo anathamangira kwa mlamu wake amene ankakhala nawo m'nyumbamo. Anabwera kudzafuna ntchito, koma maso ake sankachoka pa zala za Namaloko akamalemba. Mlendo wofunsa zambiri, anatero mumtima.

Anavula masilipasi nalowa m'khonde monyang'ama. Chitseko cha mlamu chinali chotsekula pang'ono. Munthu anali gone chagada, mkonono uli pakamwa, foni yake ili pa chaja kutali.

Ndi pamene anamva. Tcheke, tcheke, tcheke. Zala pa mabatani.

Phokosolo linkachokera kuchipinda chake chogona.

Anabwerera pabalaza nazula rauta kukhoma. Timagetsi take tonse tinazima. Anaima chilili, kumvetsera. Zala zija sizinasiye.

Anakankha chitseko cha chipinda chake chogona ndi nsonga ya chala. Mumdima, pamphepete pa bedi, panakhala mzimayi atapereka msana, kuwala kobiriwira kukumuomba m'makutu. Tsitsi analuka ngati lake. Bulauzi inali imene iye anavala nthawi yomweyo, ndi kachigamba kake paphewa.

"Ndinu ndani?" anafunsa Namaloko.

Mzimayiyo sanatembenuke.

"Musadzutse ana," anatero ndi mawu a Namaloko. "Ndatsala pang'ono."

Namaloko anakoka chitseko. Anakagona pansi m'chipinda cha ana atatsamira chitseko, maso ali gwa, mpaka kunja kunayera. Kuchipinda kuja anapeza bedi lili loyala, koma pamphepete panali potsika.

Mlamu anadzuka akuyasamula. "Alamu, usiku wonse mumangolemba? Mudzadwala nayo ntchitoyi."

Ku ofesi anthu anamulonjera ndi maso okha. Ena ankanong'ona kuti wagulitsa pasiwedi kwa akuba. Mayi wosesa anati pali anthu amene mzimu wawo umadzuka kukagwira ntchito thupi litatopa, ndipo ukazolowera subwereranso.

Abwana anamuitana natseka chitseko. Palibe chimene chinabedwa, anatero. Wolowayo anangosintha chala chovomerezeka pa dzina la Namaloko.

"Tayesani," anatero, akumukankhira laputopu.

Namaloko analemba pasiwedi, naika chala pa foni. Inakana. Anapukuta chalacho pa siketi, nayesanso. Inakana.

Abwana anaweramira pa kompyuta yawo nthawi yaitali, kenako anabweza mpando wawo m'mbuyo pang'ono.

"Mayi, makinawa akuti Namaloko ali pantchito pano, walowera kunyumba." Anamuyang'ana. "Ana mwawasiya ndi ndani?"