Tsiku Limene Anaseka Mabingu Akufa

Mchemwali wake wa mayi wa saluni amati wolakwa ndi mtsikana wojambula filimu uja. "Banja la eni si chidole choseweretsa," amatero. Woimba ng'oma amakana. Iye amati filimuyo inangopeza moto ukunyeka kale: Wamagetsi ankamuchitira nsanje Mabingu kuyambira ali anyamata, chifukwa m'manja anthu ankaombera Mabingu. Onse awiri ali nayo mbali ya choonadi, ndipo mayi wa saluni, mwini nkhaniyi, satsutsa aliyense.

Anakwatiwa ndi Wamagetsi akudziwa kuti akukwatiwa ndi phokoso. Mkati mwa sabata mwamunayo ankakoka mawaya m'nyumba za anthu. Loweruka ankaimba gitala m'gulu la Dzimbiri, loimba nyimbo zija za magitala olira ngati macheka, woimba n'kumakuwa ngati wapondedwa pakhosi. M'gululo analipo atatu: iyeyo, wina woimba ng'oma, ndi mnzake wapaubwana, Mabingu, amene ankaimba mawu atakolekera gitala yake pakhosi. Ankayeserera m'galaja yodontha, ndipo kumene ankaitanidwa mipando inkachuluka kuposa anthu. Nyimbo zotere zimafuna tsitsi lalitali loti uzilikupiza, koma onse atatu dazi linali litayamba. Ndiye mayiyu ankawasokera mawigi ndi zotsala za kusaluni, n'kumawaveka yekha asanayambe kuimba.

"Alamu, mangani zolimba," ankatero Mabingu. "Ija inauluka n'kukagwera m'mbale ya munthu."

"Vuto si wigi, alamu. Mutu wanuwu ndi woterera ngati sopo."

Mwamuna wake ankaseka nawo. Masiku amenewo ankaseka ndithu.

Kenaka kunabwera mtsikana wophunzira kujambula mafilimu. Anati akufuna kupanga filimu yoseketsa ya oimba ovutika ofuna kutchuka, ndipo iwo azingochita zimene amachita kale. Mawu oti yoseketsa anamulasa Wamagetsi, koma anameza malovu. "Aseke kaya, bola atidziwe," anatero.

Mtsikanayo anali ndi kagwiridwe kake ka ntchito. Sankauza aliyense zonse, poti nkhope ya munthu wodabwa zenizeni siyesereredwa. Tsiku lina anaitanira pambali mayi wa saluni ndi Mabingu.

"Pamapeto pa filimu, nyimbo ili mkati, inu mayi mudzathamangire kutsogolo, mudzamukumbatire Mabingu, mulengeze kuti mukuthawa naye. Kamera idzakhala pankhope ya amuna anu. Koma asadziwe."

"Amuna anga sakonda kusekedwa, achemwali."

"Adzaseka okha akadzaonera."

Anavomera. Ankafunadi kuti gululo litukuke, zimenezo n'zoona. Komanso n'zoona kuti zaka zonsezo iye ankangoima kumbuyo ndi chipeso, ndipo aka kanali koyamba munthu kumupempha kuti aime kutsogolo. Ankayeserera kusaluni nthawi ya nkhomaliro, katani itatsekedwa, n'kumafa ndi phwete chifukwa Mabingu ankakumbatira ngati akunyamula thumba la simenti. Panalibe choipa chimene anachita. Koma kusekako kunkamukomera, ndipo ankakuyembekezera.

Saluni ilibe zipupa. Kasitomala wina anaona mapazi anayi kunsi kwa katani. Kandimverere anakanena za m'maluwa: nkhaniyo pofika kwa Wamagetsi inali itamera nthenga. Anaimva ali pamakwerero, mayi wina amene ankamukonzera babu atamufunsa mwachifundo ngati ana adzatsala ndi iye.

Anafika kunyumba dzuwa likadali pamutu, n'kupeza mkazi wake akuyanika matawulo.

"Mabingu amadzatani kusaluni? Amadzapesa dazi?"

"Amadzayesa wigi, bambo."

"Wigi imayesedwa katani itatsekedwa? Imakumbatiridwa?"

Mayiyo anatsegula pakamwa kuti aulule zonse. Koma mwamunayo anali atayamba kale.

"Nyimbo ndimapeka ine, m'manja aomberedwe iye. Mkazi ndakwatira ine, adye iye. Ndimadziwa kuti ndiwe wotchipa, koma sindinkadziwa kuti ungatoledwe ndi wadazi mnzanga. Hule iwe!"

Mayiyo anatembenuka. Anatola beseni n'kulowa m'nyumba mtima ukuti: musiye, adzachite manyazi pamaso pa kamera, adzandipepese anthu akuona. Umu ndi mmene mabanja amafera. Wina amaponya mawu amene sangawatolenso, wina amasunga mawu amene akanazimitsa moto, aliyense akudikira kuti mnzake ayambe kugwada.

Masiku otsatira mwamunayo anazizira. Ankadya, n'kuthokoza. Mkaziyo anaganiza kuti mkwiyo waphwa.

Tsiku lojambula anabwereka holo n'kuitana anthu oyandikana nawo kuti adzaze mipando. Wamagetsi analawirira kukalumikiza zipangizo, monga ankachitira nthawi zonse. Mkazi wake atafika ndi chikwama cha mawigi, anamuimitsa pakhomo.

"Lero mlamu wakoyo umuveke ali panja," anatero motsitsa mawu. "Akagwira gitala, usamukhudze. Wamva?"

"Nsanje imeneyi idzakuphani, bambo," anayankha, n'kudutsa.

Ng'oma zinayamba. Mabingu anakwera pansanja, dzanja pa zingwe za gitala, n'kugwira maikolofoni ndi dzanja linalo. Thupi lake linauma, kenaka linayamba kunjenjemera. Anthu anaseka, poti Mabingu ankatero pa nyimbo iliyonse. Wigi inagwa, anthu n'kusekeratu, ena akumenya mipando. Mtsikana wa kamera anakodola mayi wa saluni kuti nthawi yakwana. Mayiyo anathamanga, manja atatambasula, koma mwamuna wake anataya gitala n'kumugwira m'chiuno mwamphamvu moti mpweya unamuthera.

"Eya! Nkhope imeneyo!" anakuwa mtsikanayo mosangalala. "Osasiya!"

Woimba ng'oma ndiye anamva fungo la chinthu chopserera. Analumpha n'kukathimitsa magetsi onse. Mabingu anagwa chagada, ndipo ena kumbuyo anaombabe m'manja.

Mabingu anafera pomwepo. Akatswiri atafufuza anapeza kuti waya wotayira moto wa magetsi pansi unali wodulidwa, ndipo moto unkayenda m'zingwe za gitala. Wamagetsi anamangidwa. Ali m'chitokosi ndi pamene anamva kuti zakusaluni zonse zinali sewero. Amati sanalire, anangofunsa kawiri kuti, "Sewero?"

Loya wake anabwera kusaluni nkhope ili yowala. Anati mlanduwu ndi wopepuka. Oimba ambiri amadula waya umenewo pofuna kuthetsa kulira kwa masipika, ndipo zipangizo za gululo zinali zakale. Kumugwira mkazi m'chiuno? Mwamuna aliyense wansanje akanatero. Inali ngozi basi.

"Inu mayi, palibe angakukakamizeni kuchitira umboni amuna anu. Mungokhala phee, abwerera kunyumba."

Mayiyo anapita kukamuona kundende. Anali ataonda, maso atalowa.

"Mayi a ana anga," anatero, "ndinakupulumutsa. Ukanamukhudza ukanafa nawenso. Usaiwale zimenezo."

Sanaiwale. Anaziyeza masiku ambiri akuluka tsitsi la anthu. Munthuyo anamukondadi, mpaka kumuchenjeza. Mayiyo analakwa pobisa za sewerolo, mtsikana uja analakwa poyesa mtima wa munthu ngati choseweretsa, amiseche nawo analakwa. Koma onsewo palibe amene anagwira pulayazi. Ndipo chenjezo limene linamusiya ndi moyo ndi lomwelo limene linkasonyeza kuti mwamunayo ankadziwa chimene chichitike. Nsanje imatha kusankha woti afe ndi woti atsale, n'kumadzitcha chikondi.

Pa tsiku la mlandu amayi ake a Mabingu anakhala kutsogolo, manja ali pamiyendo, osayang'ana aliyense. Mchemwali wake wa mayi wa saluni anamukoka chovala.

"Khala pansi, iwe. Ganizira ana."

"Ndikuganizira iwowo, achemwali."

Anaimirira, n'kupita m'bokosi la mboni, n'kunena mawu amene mwamuna wake anamuuza pakhomo la holo, osawonjezera, osachotsera. Wamagetsi anaweramitsa mutu. Woweruza anamupeza wolakwa pa mlandu wakupha mwadala, n'kumulamula kukhala m'ndende moyo wake wonse.

Potuluka, mayiyo sanatsatire galimoto ya akaidi. Anapita kwa amayi ake a Mabingu, n'kuwagwira mkono, n'kuwatsitsa masitepe a khothi.