Gitala Yolira Ngati Udzudzu

Chete ankagwira ntchito m'sitolo ya amalume ake yogulitsa zida zoimbira. Dzinali anamupatsa ndi amalumewo, chifukwa kasitomala akamufunsa kanthu, iye ankayankha akuyang'ana zala zake zakumapazi. Koma manja ake analibe manyazi. Amalume anali atayamba kumuphunzitsa kukonza magitala, mpaka anamupatsa kabokosi kakekake ka zipangizo.

Tsiku lina masana, amalume atachokapo, munalowa mnyamata wamtali amene anzake ankamutcha Zala. Chete anamuzindikira. Ndi amene anagula gitala yamagetsi yofiira ija, yodula kuposa zonse m'sitolomo.

"Asisi, tamvani izi," anatero Zala. Analumikiza gitalayo ku sipika n'kukhwekhweza nsambo. Zzzz! Inalira ngati udzudzu walowa m'khutu.

"Kachitsulo kamodzi ka pakhosi pa gitalayi n'kotukuka," Chete ananong'ona. "Inachoka choncho kufakitale. Amalume akhoza kuibweza, inu mupatsidwe ina."

Koma atayang'anitsitsa anaona kuti wina wapala kachitsuloko mpaka kukanda thabwa.

"Mwapala nokha?"

"Pang'ono chabe. Ndimati ndiikonze."

"Ndiye afakitale sangailandire. Gitala yatsopano ikangodutsidwa ndi tupa, basi, ndi yanu."

Zala anamuyang'ana kanthawi, kenako anamwetulira. "Mukudziwa kuti mawu anu ndi okoma kuposa gitalayi? Tandipatsani nambala, mwina ndingakhale ndi funso lina."

Palibe mnyamata amene anamuuzapo Chete mawu otere. Analemba nambalayo n'kumupatsa.

Mameseji anayamba tsiku lomwelo.

"Wadya, Kanyimbo kanga?"

"Ndakupekera nyimbo. Koma ndiimba bwanji pa gitala ya udzudzu?"

"Ndikadzangogwira yabwino, woyamba kumva udzakhala iwe. Ndikulonjeza."

Chete ankawerenga mobwerezabwereza atabisala kuseri kwa makatoni. Kodi chikondi chimayamba chonchi? Kodi munthu wosalankhula ngati iye angapekeredwe nyimbo?

Kenako panabwera meseji ina: "Ukanena kuti unapala ndiwe, amalume ako andisinthira. Iwe ndi mwana wawo, sangakuchite kanthu. Ndichitire, Kanyimbo. Sindidzaiwala."

M'mawa mwake Chete anaima pakhomo la kachipinda kokonzeramo zida.

"Amalume, gitala yofiira ija yabwerera. Kasitomala anaibweretsa inu kulibe. Ndinaipala ndine."

Amalume anavula magalasi pang'onopang'ono. "Iweyo? Ndakuuza kangati kuti katundu watsopano sitimuyandikiza tupa?"

"Pepani, amalume."

Zala atabwera, amalume anamupepesa atapinda manja, n'kumupatsa gitala ina yatsopano, yosalakwika paliponse. Zala atangotuluka, amalume anatenga kabokosi ka zipangizo kaja n'kukatsekera m'kabati.

"Kuyambira lero uzisesa. Manja akowo asakhudzenso gitala muno."

Chete analira, koma mumtima ankati palibe kanthu. Analemba: "Zatheka, wokondedwa! Nanga nyimbo yanga liti?" Foni inaonetsa kuti waiwerenga. Yankho osabwera. Analembanso. Zii.

Mwina watanganidwa? Mwina foni yawonongeka? Ankadzipezera zifukwa yekha.

Loweruka lina akusesa, munalowa mtsikana wonunkhira, wa zikhadabo zazitali zopaka utoto.

"Iwe watsache, malamba a gitala ali kuti? Ndikufuna lachikopa, la bwenzi langa. Adzandiimbira pa ukwati wathu." Anayamba kusanthula malambawo pakamwa osapuma. "Gitalayo ndinamugulira ndine, anakaitenga muno. Yoyamba inali ndi vuto, iye n'kuimaliziratu ndi katupa kanga ka zikhadabo, tangoganiza! Mwayi wake muli kamtsikana kena kamanyazi muno. Anangokatumizira timameseji, iko n'kusenza mlandu wonse. Tinkalembera limodzi, tikufa ndi phwete! Dzina lakuti Kanyimbo ndinapeka ndine."

Tsache linagwa pansi.

Nthawi yomweyo Zala analowa akuzunguza makiyi pachala. Anamuona Chete, nkhope osasintha ngakhale pang'ono.

"Asisi, lamba lakuda lilipo?"

"Zala," Chete anadzimva akulankhula. "Nanga nyimbo ija?"

Mtsikana uja anagwira pakamwa. "Aaa! Ndi kameneka? Mayo ine, pepa mwanawe!" Koma phwete linamupulumuka.

"Usandichititse manyazi pagulu," anatero Zala motsitsa mawu. "Gitala inali ndi vuto, iwe unathandiza. Zikomo. Ukufunanso chiyani?"

Anasankha lamba lakuda, natuluka atagwirana manja ndi mtsikana uja. Panja ankamvekabe akuseka.

Chete atatembenuka, amalume anali ataima pakhomo la kachipinda kaja. Anamva zonse. Kwa kamphindi Chete anaganiza kuti amukumbatira, kapena athamangira Zala kukalanda gitala.

"Kuwononga gitala ndikanakhululuka," anatero amalume. "Ndimati chaka chikatha ndidzakubwezera zipangizo. Koma unandiyang'ana m'maso n'kundinamiza? Unandisiya ndikupepesa wakuba, ine munthu wa imvi?"

"Amalume, ndinkaganiza kuti amandikonda."

"Nanga ine ndimakuda?"

Chete anayang'ana zala zake zakumapazi.

Amalume analowa m'kachipindamo, natuluka ndi gitala yofiira yokandika ija. Anaipachika pakhoma, pamalo oonekera kuchokera paliponse m'sitolomo.

"Iyi sigulika, ndipo sibwerera kufakitale. Ndinati usakhudzenso gitala. Iyi yokha uziipukuta, tsiku lililonse."

Mpaka pano Chete amaipukuta m'mawa uliwonse asanatsegule sitolo. Amayendetsa nsalu mosamala kwambiri, akupuma pang'onopang'ono. Koma ikafika pa kachitsulo kaja, imakola nsambo ndithu.

Zzzz.

Imeneyo ndiyo nyimbo imene Zala anamupekera.